Ndimaswali kasanu koma mtima uli gwaa: kodi njira ya Asufi ingandithandize?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa m'boma la Machinga, ndipo ndalifupikitsa motere:

"Assalamu alaikum, Shehe. Ndine Msilamu chibadwire, ndili ndi zaka 43, ndimaswali kasanu pa tsiku ndipo Ramadhan sindinaidumphepo. Koma kwa zaka zingapo tsopano mtima wanga uli gwaa. Ndikaima pa swala lilime limawerenga, koma maganizo amakhala ku golosale yanga, ndimangozindikira tapereka kale salamu. Malemu bambo anga anali a tarika (gulu la Asufi lotsatira shehe), ankachita sikiri (kutchula Allah pagulu), ndipo anali munthu wodekha amene sindinawamvepo akutukwana. Mnzanga akundiitanira kwa shehe wake, akuti ndikalandira wiridi (mawu otchula Allah amene shehe amakupatsa kuti uziwabwereza tsiku ndi tsiku) mtima udzatseguka. Mwana wanga amene anaphunzira za chipembedzo akuti zonse za Usufi ndi bid'a (zopeka m'chipembedzo), mwinanso shirki (kuphatikiza Allah ndi zina). Kodi Usufi n'chiyani kwenikweni, ndipo ine nditani?"

Wa alaikum salaam wa rahmatullah, bambo. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi, chifukwa kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo sindinapezemo munthu amene chikhulupiriro chake chafa. Mtembo sudandaula kuti wazizidwa. Munthu amene zikumuwawa kuti maganizo ake athawa pa swala ndi munthu amene mtima wake ukadali moyo, ndipo pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuphunzitsa ku madrasa ndi kucheza ndi anthu pakhonde la mzikiti, amene amandidetsa nkhawa ndi aja amene sanayambe adzifunsapo funso ngati lanuli.

Dandaulo lanu ndi lakale kwambiri. Imam Muslim analemba nkhani ya Swahaba (mnzake wa Mtumiki) wina dzina lake Hanzala, amene tsiku lina anauza Abu Bakr kuti akudziona ngati wasanduka munafiki, wachiphamaso. Chifukwa chake chinali chakuti akakhala pamaso pa Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, n'kumakumbutsidwa za Jannah ndi za Moto, zinthuzo zinkakhala ngati akuziona ndi maso, koma akabwerera kwa akazi, kwa ana ndi ku minda, ankaiwala zambiri. Abu Bakr anavomera kuti nayenso zimamuchitikira, ndipo onse awiri anapita kukadzinenera. Mtumiki anawayankha kuti akanati azikhala nthawi zonse mmene amakhalira pamaso pake, angelo akanamawagwira chanza pamakama awo ndi m'njira zawo, kenako anauza Hanzala katatu kuti pali nthawi ya ichi ndi nthawi ya icho. Ngati mtima wa Abu Bakr unkakwera ndi kutsika, musadabwe ndi wanu.

Tsopano tibwere pa dzina limene likukanganitsa inu ndi mwana wanu. Mawu akuti tasawwuf, amene ife timati Usufi, simudzawapeza mu Qur'an, ndipo Maswahaba sankadzitchula kuti Asufi. Pamenepa mwana wanu akunena zoona. Akatswiri ambiri amati dzinali linachokera ku mawu a Chiarabu akuti suf, kutanthauza ubweya wa nkhosa, chifukwa anthu ena odzimana a m'zaka za m'ma 700 ndi 800 ankavala zovala zokhakhala za ubweya pokana kunyada kumene kunabwera ndi chuma cha maufumu a Chisilamu. Koma kumbukiraninso kuti maphunziro a fiqh (malamulo a chipembedzo), a nahw (galamala ya Chiarabu), ngakhale a tajwid (kawerengedwe ka Qur'an) amene ana athu amaphunzira ku madrasa, nawonso analandira mayina ndi mabuku awo Mtumiki atamwalira kale. Funso lofunika ndi lakuti chinthu chimene dzinalo likuloza chili m'chipembedzo kapena ayi.

Chinthucho chili mu hadith yodziwika ya Jibril, imene Umar ibn al-Khattab anasimba. Mngeloyo anabwera ngati mlendo wovala zoyera n'kufunsa za Islam, anayankhidwa ndi nsanamira zisanu. Anafunsa za Iman, anayankhidwa ndi zinthu zisanu ndi chimodzi zoyenera kukhulupirira. Kenako anafunsa za Ihsan, ndipo Mtumiki anati ndiko kupembedza Allah ngati ukumuona, ndipo ngati sukumuona, Iye akukuona. Ophunzira a fiqh anatenga gawo loyamba n'kulilongosola, a aqida (chikhulupiriro) anatenga lachiwiri, ndipo amene anadzatchedwa Asufi anati ntchito yawo ndi gawo lachitatu. Qur'an imalitchula gawo limeneli kuti tazkiya, kuyeretsa, ndipo mu sura ya ash-Shams, Allah atalumbira motsatizana pa dzuwa, mwezi, usana, usiku, thambo, nthaka ndi mzimu wa munthu, akunena kuti wapambana amene wauyeretsa, ndipo wataika amene waukwirira m'zoipa. Zimene inu mukusowa pa swala yanu ndi Ihsan, ndipo palibe Msilamu wa mbali iliyonse amene angakuuzeni kuti kuifunafuna ndi bid'a.

Anthu akale a njira imeneyi ndimawaona ngati asing'anga a mtima, ndipo ndimadandaula kuti masiku ano amakumbukiridwa kwambiri ndi nthano za zozizwitsa kuposa ndi mankhwala awo. Hasan al-Basri, amene anamwalira mu 728 ku Basra, ankalalikira za imfa ndi za chinyengo cha dziko kwa anthu amene anali atangoyamba kulemera. Al-Harith al-Muhasibi wa ku Baghdad, amene anamwalira mu 857, anapatsidwa dzina limeneli chifukwa cha chizolowezi chake chodziwerengera mlandu yekha, ndipo m'buku lake la al-Ri'aya anafufuza mozama mmene riya, kudzionetsera, imalowera m'ntchito yabwino: isanayambe, ili m'kati, ngakhale itatha kale pamene munthu wayamba kuisimba kwa anzake. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo al-Muhasibi anathera moyo wake akuphunzitsa anthu kung'amba nkhuyu zawo zomwe asanazipereke kwa Allah.

Onsewa ankayambira pa zimene Qur'an imanena za nafs, umunthu wathu wam'kati umene umafuna, umakwiya ndi kudzikonda. Mu sura ya Yusuf ikutchedwa yolamula zoipa, mu sura ya al-Qiyama ikutchedwa yodzidzudzula, ndipo kumapeto kwa sura ya al-Fajr ikutchedwa yodekha, imene ikuitanidwa kuti ibwerere kwa Mbuye wake. Munthu amene walemba kalata ngati yanu ali pa nafs yodzidzudzula, ndipo dziwani kuti Allah analumbira pa nafs imeneyo, zimene zikusonyeza kuti si malo onyozeka.

Amene angakuthandizeni kwambiri pa vuto lanu lenileni ndi Imam al-Ghazali, chifukwa iyenso linamugwera, ndipo linamugwera ali pamwamba. Anabadwira ku Tus mu 1058, ndipo mu 1091 anapatsidwa mpando wophunzitsa pa sukulu yaikulu ya Nizamiyya ku Baghdad, kumene ankaphunzitsa ophunzira pafupifupi 300. M'buku lake la al-Munqidh min al-Dalal akuvomera yekha kuti atayang'ana cholinga cha uphunzitsi wakewo anapeza kuti sichinali chifukwa cha Allah yekha, koma kufuna ulemu ndi kutchuka. Anavutika mumtima kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, mpaka lilime lake linamangika osatha kuphunzitsa, chakudya chinakanika kulowa, ndipo madokotala anati matendawa achokera mumtima. Mu 1095 anasiya zonse n'kupita ku Damascus, ku Jerusalem, kenako ku Haji. Pa zaka zimenezo ndi pamene analemba Ihya Ulum al-Din, buku la magawo 40 logawidwa panayi: mapemphero, zochitika za tsiku ndi tsiku, zinthu zowononga mtima, ndi zinthu zoupulumutsa. Taonani kuti gawo lathunthu mwa anayiwo likukamba za kudya, ukwati, malonda, ulendo ndi kukhala ndi anthu. Kwa iye moyo wam'kati sunali wobisala kuchipinda.

Pofotokoza za kuthawa kwa maganizo pa swala, al-Ghazali anati zoyambitsa zake zili pawiri. Zina ndi zakunja, zimene diso likuona ndi khutu likumva, ndipo izi n'zosavuta kuchiza. Mtumiki mwiniwake anaswali atavala chovala chokhala ndi mizeremizere, ndipo atamaliza anachibweza kwa Abu Jahm n'kunena kuti chamusokoneza pa swala. Analetsanso kuswali chakudya chili pamphasa, kapena munthu akulimbana ndi kufuna kupita kuchimbudzi. Kwa inu, chovala cha mizeremizere chija mwina ndi foni imene ikunjenjemera m'thumba, kapena chizolowezi chothamangira ku mzikiti iqama (kuitana koyambitsa swala) itayamba, dzanja likadali ndi fungo la ndalama. Tsekani golosale mphindi khumi nthawi isanakwane, chitani wudhu mosathamanga, khalani pansi pang'ono musanaime. Ambiri mwa amene ndawalangiza zimenezi amabwera kudzandiuza kuti theka la vuto latha, ndipo amachita manyazi kuti mankhwala ake anali apafupi chotero.

Theka linalo ndi lovuta, ndipo al-Ghazali analifanizira ndi munthu amene wakhala pansi pa mtengo akufuna kuganiza mofatsa, koma mpheta zikumusokosera. Amatenga ndodo n'kuzibalalitsa, akangokhala pansi zabweranso, mpaka wina amamuuza kuti ntchito imeneyo sidzatha, ngati akufuna mtendere adule mtengowo. Mtengowo ndi zimene mtima wakonda ndi kudalira. Maganizo sathawira pachabe, amathawira kumene mtima umagona usana wonse. Apa sindikukuuzani kuti mutseke golosale, chifukwa kusaka chakudya cha halal ndi ibada, ndipo Abu Bakr, Uthman ndi Abdurrahman ibn Awf anali amalonda. Ndikukupemphani kuti kwa sabata imodzi muzitchera khutu kuti maganizo anu akathawa akupita pa chiyani kwenikweni. Ngati akupita pa ngongole imene simunabweze, mankhwala ake ndi kukakambirana ndi mwini ngongoleyo. Ngati akupita pa mnzanu wa golosale yoyandikana amene malonda ake akuyenda kuposa anu, dzina la matendawo ndi hasad, kaduka, ndipo akale ankachiza pomupempherera zabwino munthuyo ndi kumutchula bwino pamene palibe. Ngati akupita pa mantha a mawa, ndiye kuti tawakkul yanu, kuyedzamira kwanu kwa Allah, ikufunika kuthiriridwa.

Pali chinthu china chimene sindingachilumphe polankhula ndi munthu wa malonda, ndipo musachitenge ngati ndikukunenani. Sura ya al-Mutaffifin imayamba ndi tsoka kwa opungula miyeso, amene akamagula amafuna muyeso wodzaza koma akamagulitsa amachepetsa. Mu sura yomweyo, pa ndime 14, Allah akunena za dzimbiri limene laphimba mitima chifukwa cha zimene anthu ankachita. Mtumiki anafotokoza ndime imeneyi kuti munthu akachita tchimo kadontho kakuda kamagwera pamtima, akalapa mtima umayera, akapitiriza kadonthoko kamakula mpaka kuphimba mtima wonse. Mu hadith ina anatchula munthu wa paulendo wautali, wafumbi, wokweza manja kumwamba, koma chakudya chake, chakumwa chake ndi chovala chake ndi za haram, n'kufunsa kuti dua yake ingayankhidwe bwanji. N'chifukwa chake mashehe akale, munthu akabwera kudzadandaula za kuuma kwa mtima, ankayamba kumufunsa za sikelo yake ndi za mbale yake asanamupatse wiridi iliyonse. Yang'anani sikelo yanu, yang'anani zakat yanu, chopereka cha pa chuma chija, ngati mumaiwerengera bwino, yang'anani malipiro a mnyamata amene amakuthandizani. M'Musnad ya Imam Ahmad muli nkhani ya munthu amene anadandaulira Mtumiki za kuuma kwa mtima wake, ndipo anauzidwa kuti asisite mutu wa mwana wamasiye ndi kudyetsa wosauka.

Njira imene ndimaikonda kwa amalonda ndi imene al-Ghazali anaitenga pa malonda pomwepo. Anati munthu achite ndi nafs yake monga mmene wamalonda amachitira ndi mnzake amene wamusiyira katundu: m'mawa amagwirizana naye zoyenera kuchita, masana amamuyang'anira, madzulo amawerengera naye. Mukamaliza Fajr, dziuzeni chinthu chimodzi chokha, monga chakuti lero simulumbira pogulitsa, kapena simunena za munthu amene palibe. Usiku, monga mmene mumawerengera ndalama za m'kabati, werengerani tsikulo. Pamene mwapindula thokozani, pamene mwaluza pemphani chikhululuko ndipo mubweze. Zimenezi ndizo amazitcha muraqaba ndi muhasaba, ndipo simufunika chilolezo cha munthu aliyense kuti muyambe usiku uno.

Pa nkhani ya zikiri, kutchula Allah, yambani ndi zimene palibe amene amazitsutsa. Pambuyo pa swala iliyonse nenani Subhanallah ka 33, Alhamdulillah ka 33, Allahu Akbar ka 33, n'kukwaniritsa 100 ndi mawu a tawhid, onena kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha. Onjezani istighfar, pokumbukira kuti Mtumiki ananena kuti mtima wake umachita ngati waphimbidwa ndi kamtambo ndipo amapempha chikhululuko ka 100 pa tsiku. Werengani tsamba limodzi la Qur'an pamodzi ndi tanthauzo lake m'Chichewa kapena m'Chiyao, chifukwa lilime limene likuwerenga zimene mutu sukuzimva limasiya maganizo opanda ntchito. Musachulukitse. Ntchito zimene Allah amazikonda kwambiri ndi zopitirira ngakhale zikhale zochepa, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Mukaona kuti mukutchula Allah koma mtima kulibe, musasiye. Ibn Ata Allah wa ku Egypt, shehe wa tarika ya Shadhiliyya amene anamwalira mu 1309, analangiza m'mawu ake anzeru otchedwa al-Hikam kuti munthu asasiye zikiri chifukwa choti mtima sukupezekapo, pakuti kuiwala zikiri yonseyo n'koipa kuposa kuiwala uli m'kati mwa zikiri, ndipo mwina Allah angakukweze kuchoka pa zikiri yosinza kufika pa zikiri yogalamuka.

Apa ndiyenera kukonza chiyembekezo chimene mnzanu wakupatsani, chakuti mtima udzatseguka mukangolandira wiridi. Mabuku akale, monga Risala ya al-Qushayri wa ku Nishapur amene anamwalira mu 1072, amasiyanitsa zinthu ziwiri. Maqam ndi pokhazikika pamene munthu amafika pogwira ntchito, monga kulapa, kupirira, kuthokoza ndi kukhutira ndi chigamulo cha Allah. Hal ndi mkhalidwe umene umagwera mtima ngati mphatso, monga misozi, kukoma kwa pemphero kapena chimwemwe chadzidzidzi, ndipo umabwera n'kuchoka osapempha chilolezo. Amatchulanso qabd ndi bast, kufinyika ndi kutambasuka kwa mtima, n'kunena kuti zonse ziwiri zimasinthana pa munthu wa panjira ngati usiku ndi usana. Munthu amene akusaka hal amakhala ngati mlimi amene akufuna mvula koma sakufuna kugwira khasu. Ndaona anthu akuchoka pa gulu lina kupita pa lina kufunafuna pamene angalire kwambiri, pamene kunyumba akazi awo akulira pa zifukwa zina. Muyeso umene akale ankagwiritsa ntchito ndi khalidwe. Inuyo mwaupereka kale m'kalata yanu osadziwa: pokumbukira malemu bambo anu simunanene kuti ankagwa pansi pa sikiri, mwanena kuti simunawamvepo akutukwana.

Nanga mwana wanu? Musamuone ngati mdani wa agogo ake, chifukwa zina mwa zimene akuopa zilipodi, ndipo oyamba kuzidzudzula anali Asufi eniake. Kale m'zaka za m'ma 900, Abu al-Hasan al-Bushanji anadandaula kuti Usufi wasanduka dzina lopanda chenicheni, pamene kale unali chenicheni chopanda dzina. Al-Junayd wa ku Baghdad, amene anamwalira mu 910 ndipo tarika zambiri zimadutsira mwa iye potchula mndandanda wa aphunzitsi awo, ankati maphunziro awo ndi omangidwa ndi Qur'an ndi Sunnah. Za Abu Yazid al-Bistami amasimba kuti anayenda ulendo kukaona munthu wotchuka kuti ndi walii (wokondedwa wa Allah), koma atamuona akulavulira malovu mbali ya Qibla anabwerera osamupatsa ngakhale salamu, n'kunena kuti munthu wosasunga ulemu umodzi wa Mtumiki sangakhulupiriridwe pa zimene akudzinenera. Iye yemweyo anachenjeza kuti ngakhale muone munthu akuuluka m'mwamba, musatengeke mpaka mutaona mmene amasungira malamulo ndi zoletsedwa.

Mbali inayi, mufunseni mwana wanu ngati anawerenga zimene Ibn Taymiyya, katswiri wa chipembedzo wa ku Damascus amene anamwalira mu 1328, analemba pa nkhaniyi. Ngakhale anatsutsa mwamphamvu ziphunzitso za Msufi wotchuka Ibn Arabi ndi miyambo ya pamanda, sanaike Asufi onse m'dengu limodzi. Anati ndi anthu olimbikira kumvera Allah monga ena onse, mwa iwo muli opambana, apakatikati, olakwitsa, ndi onamizira amene si a m'gululo, ndipo ankatchula al-Junayd ndi Abd al-Qadir al-Jilani mwaulemu. Wophunzira wake, Ibn al-Qayyim, analemba Madarij al-Salikin, buku lalikulu lofotokozera kabuku ka Msufi wa ku Herat, Abdullah al-Ansari, akugwirizana naye pena ndi kumutsutsa pena. Abd al-Qadir mwiniwake, amene anamwalira ku Baghdad mu 1166 ndipo tarika ya Qadiriyya imatchedwa ndi dzina lake, anali mlaliki ndi mphunzitsi wa fiqh ya Hanbali, imodzi mwa njira zinayi za fiqh ya Asunni. Mpanda umene tamanga lero pakati pa anthu a sharia ndi anthu a mtima, akalewo sankaudziwa mmene tikuudziwira ife.

Mkangano wa m'nyumba mwanu ulinso ndi mbiri yake kwathu kuno. Tarika za Qadiriyya ndi Shadhiliyya zinafika m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kudzera mwa anthu amene anaphunzira ku Zanzibar ndi m'mbali mwa nyanja ya mchere, kumene Shehe Uways wa ku Barawa, amene anamwalira mu 1909, anafalitsa kwambiri Qadiriyya. Mawu akuti sikiri ndi zikiri (dhikr m'Chiarabu) yomweyo itadutsa pa lilime lathu. Sipanapite nthawi yaitali, kunabuka gulu lotchedwa Sukuti, kuchokera ku mawu a Chiarabu otanthauza kukhala chete, limene linkati maliro aziperekezedwa mwakachetechete popanda sikiri. Choncho zimene mukukangana ndi mwana wanu, agogo anu anakangana kale ndi anzawo. Ine maganizo anga ndi awa: kusonkhana kuti mutchule Allah kuli ndi maziko mu hadith zonena za angelo amene amazungulira mabwalo a zikiri, koma kachitidwe kake, monga kukweza mawu ndi kugwedeza thupi, ndi nkhani imene ma ulama anasiyana kuyambira kale, ndipo si yoyenera kuthetsera ubale kapena kutchulirana ukafiri. Pamene sindinyengerera ndi pa dua. Mwana, chuma, machiritso ndi chikhululuko zimapemphedwa kwa Allah, ndipo aliyense wokuphunzitsani kuti munthu wa m'manda ali ndi mphamvu yakeyake yokupatsani zimenezi wakuchotsani pa tawhid, kaya wavala nduwira yotani.

Kodi mupite kwa shehe wa mnzanuyo? Kukhala ndi mphunzitsi n'kwabwino, chifukwa diso silidziona lokha, ndipo matenda ngati kudzikuza amabisala kwa mwini wake kuposa kwa wina aliyense. Koma kulowa tarika si nsanamira ya Chisilamu, ndipo simuchimwa mukapanda kulowa. Safunsa anadya phula, choncho musapereke dzanja la bay'a, lonjezo lomvera shehe, pa ulendo woyamba. Khalani nawo kangapo ngati mlendo. Funsani kuti sheheyo anaphunzira kwa yani ndipo ijaza yake, chilolezo chophunzitsa, anaitenga kuti. Onani ngati amadziwa malamulo a twahara (kudziyeretsa), swala ndi malonda, chifukwa wosadziwa zakunja sangakutsogolereni zam'kati. Onani mmene amakhalira ndi banja lake ndi anansi ake, onaninso ophunzira ake akale ngati ali anthu ofatsa ndi okhulupirika pa ngongole, kapena ngati ali onyoza Asilamu ena onse. Mukamva kuti wiridi ili ndi mtengo wake, kuti pali mlingo umene munthu akafika swala imamuchokera, kuti shehe amadziwa zobisika ndi za mawa, kuti amakhala kuseri ndi akazi a eni ake ponena kuti akuwachiza, kapena kuti zimene mukuphunzira musauze ophunzira ena a chipembedzo, nyamulani nsapato zanu. Mudzamvanso mawu akuti wophunzira akhale m'manja mwa shehe ngati mtembo m'manja mwa wosambitsa. Mawuwa alipodi m'mabuku, koma sangafafanize zimene Mtumiki ananena, kuti kumvera kuli pa zabwino zokha.

Chenjezo lina ndi la kupyola muyeso. Anthu atatu anafunsa za mapemphero a Mtumiki n'kuwaona ngati ochepa, wina anati aziswali usiku wonse, wina azisala osapumira, wina sadzakwatira, ndipo Mtumiki anawakaniza, nati iye amasala ndi kumasula, amaswali ndi kugona, amakwatira, ndipo wokana Sunnah yake si wake. Zaka zapitazo anandibweretsera mnyamata amene anapatsidwa mawu oti azitchula maulendo zikwizikwi usiku uliwonse. Anasiya kugona, anasiya kudya bwino, kenako anayamba kumva mawu omuuza kuti wasankhidwa. Abale ake anagawikana, ena ankati wafika pa uwalii, ena ankati ndi majini, ndipo panapita miyezi asanamutengere kuchipatala, kumene anathandizidwa. Ndimaikumbukira nkhaniyi ndi chisoni chifukwa inenso ndinachedwa kunena mawu akuti chipatala.

N'chifukwa chake ndikufunsani mafunso amene kalata yanu sinayankhe. Kodi kuuma kumeneku kuli pa swala pokha, kapena chakudya, macheza, ana ndi ntchito nazonso zasiya kukoma? Kodi mukugona bwino? Kodi munayamba kumva chonchi pambuyo pa maliro, kuluza katundu kapena matenda? Ngati kwa masabata angapo mwakhala wopanda chimwemwe pa chilichonse, wotopa, wodziona wopanda pake, makamaka ngati maganizo ofuna kufa amakufikirani, pitani kuchipatala cha m'boma lanu mukafotokoze momasuka, ndipo muuze munthu mmodzi wa m'banja lanu lero lomwe. Chimodzimodzi ngati mumabwereza wudhu kapena takbira kambirimbiri chifukwa cha kukaika kosatha, pakuti waswasi wofika pamenepo ndi matenda amene ali ndi chithandizo. Kumwa mankhwala sikutsutsana ndi tawakkul, popeza Mtumiki analamula kuti tizifuna mankhwala. Ngati vuto lili pa ndalama zimene mukukaika ngati zili za halal, kapena pa mawerengedwe a zakat, pitani kwa mwalimu wodziwa fiqh ndi mabuku anu a malonda m'manja, chifukwa zimenezo sizithera m'kalata.

Za mwana wanu, ndikupempheni chinthu chimodzi. Pezani buku la Riyad al-Salihin la Imam al-Nawawi, amene anamwalira mu 1277, buku limene a tarika ndi otsutsa tarika onse amaliwerenga m'mizikiti yawo. Mitu yake yoyambirira ndi ikhlas, kulapa, kupirira, kunena zoona ndi muraqaba, imene ndi mitu yomweyo ya mabuku a Asufi. Muuzeni mwanayo kuti azikuwerengerani hadith ziwiri kapena zitatu pambuyo pa Maghrib ndi kukumasulirani, popeza iye anaphunzira Chiarabu, ndipo inu muzimusimbira za agogo ake, mmene ankalankhulira ndi mmene ankachitira ndi anthu amene anawalakwira. Mukaganiza zopita kwa shehe wa mnzanuyo, mutengeni mwanayo mupite naye, akafunse mafunso ake mwaulemu. Ngati kudzakhale sikiri ya usiku, mukagone konko, ndipo m'bandakucha mukaone kuti mwa amene anachezera aja ndi angati amene aima pamzere wa Fajr. Mudzandilembere zimene mukaone, pamodzi ndi yankho la kumene maganizo anu amathawira pa sabata ija ndakupemphani.